Tsamba la Ophunzira: Mlandu Sagamula ndi Mboni Imodzi

Mwezi uno tifuna kucheza ndi ana athu amene ali m'makoleji ndi m'sukulu za ukachenjede, makamaka iwo amene akuphunzira mbiri yakale. Komabe inu makolo musafulumire kutembenuza tsamba, pakuti nkhaniyi ikukukhudzani inunso. Ndinu amene mumavutika kupeza fizi, ndiponso ena mwa inu mukusunga m'masutukesi mwanu zinthu zimene ana amenewa akuzifunafuna kutali.

Mlandu ukafika pabwalo kumudzi, nyakwawa yanzeru sigamula itangomva mbali imodzi. Imayamba yamva wodandaula, kenaka woimbidwa mlandu, pambuyo pake mboni. Ndipo mboni iliyonse imafunsidwa kuti inali pati pamene zinthuzo zinkachitika, inaona ndi maso ake kapena inangomva kwa ena, ndiponso pali ubale wanji pakati pa iyo ndi eni mlandu. Ntchito ya wophunzira mbiri ili chimodzimodzi. Buku lililonse limene atenga pa shelefu ndi mboni, ndipo laibulale ndi bwalo pamene mbonizo zasonkhana. Wophunzira amene atenga buku limodzi, nakopera zimene lanena, napereka kwa mphunzitsi wake, wagamula mlandu asanauzenge.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenge chitsanzo chimene aliyense akuchidziwa. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wapereka ntchito yolemba za kuukira boma kwa M'busa John Chilembwe. Mwana wa ku pulayimale amadziwa kale mutu wa nkhaniyi. Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Usiku wa pa 23 Januwale, 1915, anthu ake anaukira minda ya A. L. Bruce napha azungu atatu, mmodzi mwa iwo William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira mindayo ku Magomero. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa nafa akuthawa cha ku Mulanje. Koma ku koleji safunsanso kuti zinachitika liti. Amafunsa kuti zinachitika chifukwa ninji, ndiponso ife lero tikuzidziwa bwanji. Mafunso awiri amenewa ndiwo amapititsa munthu ku laibulale.

Yambani ndi funso laling'ono

Wophunzira asanaponde pakhomo la laibulale ayenera kudziwa chimene akukafuna. Dzina loti Chilembwe palokha ndi munda waukulu woti munthu mmodzi sangaulime m'milungu itatu. N'kwabwino kudula ndime yake. Wina angafunse kuti anthu okhala m'minda ya Bruce ankadandaula zotani pa nkhani ya thangata. Wina angafunse kuti nkhondo ya 1914, imene inafika mpaka ku Karonga ndi kutenga anyamata ambiri kukhala asilikali ndi amtengatenga, inasintha bwanji maganizo a Chilembwe. Winanso angafunse chifukwa chimene boma la atsamunda linakayikira sukulu za mishoni zinthuzi zitachitika. Funso likakhala lolunjika chotere, munthu amadziwa buku loti atsegule ndi loti alisiye, ndipo sataya masiku akuwerenga zosamuthandiza.

Atalowa m'katimo, munthu woyamba kumuona ndi woyang'anira laibulale. Ana athu ambiri amamuona ngati mlonda woletsa phokoso ndi wodinda madeti m'mabuku, pamene iye anaphunzira ntchito yofufuza zolembedwa ndipo amadziwa zimene zili m'zipinda zimene wophunzira sanalowemo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mupatseni moni mwaulemu, mufotokozereni funso lanu lenilenilo, ndipo mumuuze zimene mwawerenga kale. Kawirikawiri iye adzakulozerani ku gawo la mabuku a za Malawi, limene malaibulale a sukulu za ukachenjede amalisunga padera, ndipo mabuku ake amawerengedwa pomwepo osapita nawo kunyumba. Ku Zomba, m'laibulale ya koleji imene inkatchedwa Chancellor College, imene kuyambira mu 2021 ndiyo yatsala ndi dzina loti University of Malawi, gawo lotere limasunganso zimene ophunzira mbiri a zaka zam'mbuyo analemba atayenda m'midzi ndi kufunsa okalamba amene lero kulibe.

Mndandanda wa mabuku ndi maina akale

Laibulale iliyonse ili ndi mndandanda wa mabuku ake. Kale unkalembedwa pa timakadi tosungidwa m'madilowa, ndipo lero m'malo ambiri uli pa kompyuta, koma kafunidwe kake n'kamodzi: dzina la wolemba, dzina la buku, kapena mutu wa nkhani. Apa pali msampha umene umakola ambiri. Wophunzira amalemba liwu loti Malawi, napeza zochepa, nabwerera akunena kuti mulibe kanthu. Waiwala kuti dziko lino linkatchedwa Nyasaland mpaka mu 1964, ndipo chisanafike chaka cha 1907 linkatchedwa British Central Africa. Waiwalanso kuti Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill, ndipo Mulanje ndi Thyolo azungu ankalemba kuti Mlanje ndi Cholo. Wofufuza mbiri ayenera kufuna ndi maina amene anthu a nthawi imeneyo ankalemba, ngakhale ena mwa mainawo sakomanso m'makutu mwathu.

Nambala yolembedwa pamsana pa buku nayonso ili ndi tanthauzo. Malaibulale ambiri amatsata dongosolo limene Melvil Dewey anayambitsa mu 1876. M'dongosolo limeneli mbiri ya Africa imayambira pa 960, ya kum'mwera kwa Africa ili pa 968, ndipo ya Malawi ili pa 968.97. Malaibulale ena amatsata dongosolo la Library of Congress, m'mene mbiri ya Africa imadziwika ndi zilembo DT. Phindu lake n'lakuti mabuku a nkhani imodzi amakhala moyandikana. Tsono mukapeza buku limene munkafuna, musachoke msanga. Yang'anani kumanja ndi kumanzere kwake, pakuti nthawi zambiri buku lokuthandizani koposa ndi lija simunalidziwe n'komwe.

Buku la mbiri amaliyambira kumapeto

N'kwanzeru kuyamba ndi buku lofotokoza mbiri ya dziko lonse, monga la John McCracken lotchedwa A History of Malawi, 1859-1966, limene linatuluka mu 2012. Buku lotere limaonetsa m'mene nkhani ya Chilembwe ikulumikizirana ndi msonkho, kulandidwa kwa malo, ndi kubwera kwa Alomwe kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Kuchokera apo wophunzira apite ku buku lalikulu la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, limene linasindikizidwa ku Edinburgh mu 1958 ndipo mpaka lero aliyense wolemba za Chilembwe amayambira pamenepo.

Buku la nthano timaliyambira koyambirira, koma buku la mbiri wofufuza amayamba watsegula kumapeto. Kumeneko kuli mndandanda wa maina ndi mitu pamodzi ndi masamba ake, umene umamufikitsa msanga pa ndime imene akufuna. Kulinso mndandanda wa zonse zimene wolembayo anawerenga. Ndipo timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba kapena ta kumapeto, timene ambiri amatilumpha, ndito timanena kumene mfundo iliyonse inachokera: kaya m'kalata, kaya m'nyuzipepala, kaya m'lipoti la boma, kaya m'kamwa mwa munthu wamoyo. Wophunzira akatsata timawu timeneti amakhala ngati mlenje wolondola mapazi, mpaka atafika pa zolembedwa za anthu amene analipo pa nthawiyo.

Kufunsa mboni

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo tifuna tikhalitsepo pang'ono. Zolembedwa za mbiri zili mitundu iwiri. Pali zimene zinalembedwa pa nthawi imene zinthu zinkachitika kapena ndi anthu amene analipo, ndipo pali zimene akatswiri analemba pambuyo pake atasanthula zoyambazo. Zonse n'zofunika, koma palibe chimodzi mwa izo choti tichimeze osatafuna.

Mboni yoyamba pa nkhani ya Chilembwe ndi boma la atsamunda. Mu 1915 bomalo linaika bungwe lofufuza chimene chinachititsa kuukirako, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1916. Onse okhala m'bungwemo anali azungu. Lipotilo linavomereza kuti Livingstone ankazunza anthu, koma linalozanso chala maphunziro a mishoni ndi mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda okha. Wophunzira ayenera kudzifunsa kuti boma limene langoukiridwa kumene lingafune kuti anthu akhulupirire chiyani, ndiponso ndi mlandu uti umene silingafune kudzisenzetsa lokha.

Mboni yachiwiri ndi anthu amene anaitanidwa kukalankhula pamaso pa bungwelo. Umboni wawo unakhala m'mafailo zaka zambiri, mpaka mu 2015 pamene McCracken anausonkhanitsa m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising. M'menemo muli mawu a azungu a minda, a atumwi monga Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission, amene anaikira kumbuyo maphunziro a anthu akuda, ndiponso a makolo athu eni ake: abusa, aphunzitsi, mafumu ndi eni mabizinesi. Anadandaula za thangata, za kumenyedwa, ndi za mwambo wokakamiza munthu wakuda kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira, mzunguyo osabweza ulemu. Umenewu ndi umboni wamtengo wapatali. Komabe wowerenga asaiwale kuti anthuwo ankalankhula patangopita miyezi yowerengeka anzawo ataphedwa ndi kutsekeredwa m'ndende, ndipo ankayankha mafunso a olamulira omwewo. Munthu wolankhula pamalo otere amasankha mawu. Zimene sananene nazonso ziyenera kuganiziridwa.

Mboni yachitatu ndi George Simeon Mwase, amene cha mu 1932 analemba nkhani ya Chilembwe monga anaimvera kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira Chilembwe amene anali m'ndende ku Zomba. Zolemba zakezo zinagona m'nyumba yosungiramo makalata a boma mpaka Robert Rotberg atazipeza ndi kuzisindikiza mu 1967 m'buku lotchedwa Strike a Blow and Die. Mwase ndi mwana wa dziko lino ndipo analemba mwachifundo ndi mwamphamvu, nayika m'kamwa mwa Chilembwe mawu olimbikitsa anthu ake usiku wa nkhondo. Koma Mwase mwini sanali ku Mbombwe usiku umenewo, ndipo analemba patapita zaka pafupifupi 17. Wophunzira wosamala sanganene kuti Chilembwe ananena zakutizakuti. Adzanena kuti Mwase akusimba kuti Chilembwe ananena zakutizakuti. Kusiyana kwa ziganizo ziwirizi kukuoneka kochepa, koma ndiko kumasiyanitsa wophunzira mbiri ndi wosimba nthano. Taonaninso zaka zake. Shepperson ndi Price anasindikiza buku lawo mu 1958, zolemba za Mwase zisanatulukire poyera, kusonyeza kuti ngakhale buku lolemekezeka koposa limakhala ndi zina zimene olemba ake sanazione.

Nanga Chilembwe mwini? Mawu ake enieni amene anatsala ndi ochepa. Pali makalata amene ankatumiza kwa a Baptist a ku America amene ankamuthandiza, ndiponso kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Nyuzipepala imeneyo inali ya azungu a minda ndi amalonda, choncho zimene inalemba za kuukirako ziwerengedwe ndi diso lodziwa mwini wake.

Akatswiri a pambuyo pake nawonso sagwirizana pa zonse, ndipo wophunzira asakhumudwe nazo. Mu 1971 Jane ndi Ian Linden analemba m'magazini ya Journal of African History kuti anthu a Chilembwe anatengekanso ndi chiyembekezo chakuti mapeto a dziko ali pafupi. D. D. Phiri, m'buku lake la 1999 lotchedwa Let Us Die for Africa, analemba ngati Mmalawi woona Chilembwe kukhala tate wa ufulu wa dziko lino. Landeg White, m'buku lake la 1987 lotchedwa Magomero, anayang'ana nkhaniyi kuchokera m'mudzi, pogwiritsa ntchito makalata akale pamodzi ndi zimene anthu a kumeneko anamusimbira. Mphunzitsi safuna kuti wophunzira asankhe mmodzi ndi kutaya enawo. Afuna kuona ngati wamva onse, wayeza umboni wa aliyense, ndipo wanena maganizo ake ndi zifukwa zake.

Kumene kumagona makalata akale

Wophunzira wa chaka chomaliza, amene akulemba kafukufuku wamkulu, sangathere m'laibulale ya pa koleji yokha. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Kumeneko kumasungidwa mafailo a boma, malipoti a ma D.C., makalata a mishoni zina ndi nyuzipepala zakale. Ndipo lamulo limalamula kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno liperekedweko. Ndi bwino kufunsiratu malamulo a kumeneko ndi kunyamula kalata yochokera ku koleji. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, bungwe la Society of Malawi lili ndi laibulale yake, ndipo magazini yake, imene inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal, ndi nkhokwe ya nkhani za mbiri yathu. Pa Mandala pomwepo ndi pamene anthu a Chilembwe anapita kukalanda mfuti m'sitolo ya African Lakes Corporation.

Wofufuza za 1915 adzapeza mipata m'mafailo a ku Zomba, ndipo ayenera kudziwa chifukwa chake. Mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma mumzindawo, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira anapsa. Mwamwayi, makalata amene Bwanamkubwa ankatumiza ku London anasungidwa kumeneko, ndipo lero ali ku National Archives ya ku Kew m'gulu la mafailo lotchedwa CO 525. Izi zitiphunzitsa kuti zimene tikudziwa za makolo athu zimadalira pepala limene linapulumuka. Ngozi yotere si yakale yokha ayi. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Tsono wophunzira amene ang'amba tsamba m'buku chifukwa cha ulesi wokopera, kapena kubisa buku pa shelefu ina kuti anzake asalipeze, akuchita pang'onopang'ono ntchito yomweyo imene moto unachita usiku umodzi.

Kulemba mokhulupirika

Powerenga, khalani ndi kope lapadera. Musanalembe mfundo iliyonse, yambani mwalemba dzina la wolemba, dzina la buku, chaka, kumene linasindikizidwa ndi nambala ya tsamba. Mukakopera mawu enieni a wolemba, atsekereni m'zizindikiro zake pomwepo, chifukwa pakapita milungu iwiri simudzakumbukanso kuti mawu anu ndi ati ndipo a mwini ndi ati. Kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina ndi kuwapereka ngati anu ndi kuba, monga kulili kuba kukolola m'munda mwa mnzako. Ndipo makoleji amalanga mlandu umenewu kolimba, mpaka ena kuchotsedwa sukulu, fizi ya makolo n'kupita pachabe.

Za intaneti tinene mwachidule. Ndi chida chabwino, ndipo kudzera m'laibulale ya koleji wophunzira angathe kuwerenga magazini a akatswiri osungidwa m'nkhokwe monga JSTOR, amene payekha sakanatha kuwalipira. Koma nkhani yopanda dzina la wolemba ndi yosanena kumene yachokera ili ngati mboni yobisa nkhope pabwalo. Ndiponso mapulogalamu a pa kompyuta oyankha mafunso nthawi zina amatchula mabuku amene sanalembedwepo ndi munthu. Musatchule m'ntchito yanu buku limene simunalione ndi maso anu.

Mawu kwa makolo

Tinalonjeza kuti nkhaniyi ikukhudza makolo. Mboni zambiri zimene tatchulazi ndi za olamulira ndi za anthu ophunzira, pamene mayi amene ankapalira thonje pa thangata sanasiye kalata. Mawu a anthu otere akapezeka, amapezeka m'makumbukiro a zidzukulu zawo ndi m'timapepala tosungidwa m'nyumba: chiphaso cha msonkho, kalata yochokera ku migodi ya ku Johannesburg kapena ku Salisbury, khadi la ubatizo, chithunzi chakale, buku la maminitsi a mpingo kapena a bungwe la alimi. Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa pofunsa akuluakulu m'midzi, ndipo lero bukulo lili pa mashelefu a malaibulale a m'maiko akutali. Choncho musakolezere moto mapepala akale, ndipo musawasiye pamene pali chiswe kapena podontha. Mwana wanu akabwera pa tchuthi ndi kope m'manja kudzafunsa agogo ake mafunso, musamuone ngati wothawa khasu. Mukhazikeni pansi, ndipo inu agogo munene zimene munaona nokha padera, ndi zimene munamva kwa makolo anu padera, monga ichitira mboni yokhulupirika.

Ndipo inu ana athu, zimene agogo akuuzani muzilembe pamodzi ndi tsiku, malo ndi dzina lawo, mutapempha chilolezo chawo, kenaka muziyeze ndi zimene mwapeza m'mabuku, monga muyezera mboni ina iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kafukufuku amene mudzapereke chaka chino adzaikidwa pa shelefu, ndipo wophunzira wina amene lero sanabadwe adzamutsegula ndi kukhulupirira zimene munalemba. Lembani mokumbukira iyeyo.